Nkhope ya Wilf pa Khoma la Kanema

Basi yansanjika imene Muriel Hatchard ankakwera popita kuntchito inali ndi chizolowezi choima pamphambano ya pafupi ndi nyumba ya kanema, kudikira kuti wapolisi wapamsewu aikodole. Lolemba limenelo, mu Okutobala wa 1958, Muriel anali atakhala pamwamba, mpando wakuwindo, chikwama chili pamiyendo, maganizo ali pa mulu wa nsalu za kuhotela umene unkamudikira kochapira zovala.

Pakhoma la kanemayo panali amuna awiri pa makwerero, akumata chithunzi choitanira anthu ku filimu yatsopano. Zithunzi zikuluzikuluzi zinkabwera m'zidutswa, ndipo amunawo anayamba ndi za m'munsi. Zilembo zofiira ngati magazi zinali zitakhala kale: CHIMENE CHINAGWA M'DAMBO. Pamwamba pa zilembozo panali mtsikana wa tsitsi lachikasu atakomoka, diresi litang'ambika paphewa, ali m'manja mwa chinthu chimene mutu wake unali usanamatidwe. Chakumbuyo, chinachake chozungulira ngati mbale chinkayaka m'bango, asilikali ang'onoang'ono ngati nyerere ali balalabalala.

"Fulumirani abambo inu, tichione chilombocho basi isananyamuke!" anatero mtsikana wina wa mpando wakutsogolo, akugunyuza mnzake.

Wa pa makwerero anatambasula chidutswa chomaliza n'kuyamba kuchisalaza ndi bulashi yaitali. Nkhope inatuluka pang'onopang'ono, moyang'anizana ndi windo la Muriel, yaikulu kuposa chitseko cha nyumba.

Anali Wilf. Anali mwamuna wake.

Anamupaka utoto wobiriwira, m'diso n'kuikamo kuwala kwachikasu, koma zina zonse zinali zake. Khutu lakumanzere lotsala kachitsa chabe. Chikope chokokedwera pansi, chimene sichinkatsekeka bwino ngakhale ali mtulo. Chigamba cha khungu la pantchafu chimene madokotala anasokerera patsaya, chosalala, chosamera ndevu. Ngakhale mbali ya mlomo yokwera m'mwamba ija, ngati ya munthu amene amafuna kuseka koma wasintha maganizo. Zimenezi palibe amene akanazipeka. Wojambulayo anaiyang'ana nkhopeyo pafupi, ndiponso kwa nthawi yaitali.

"Mayo ine, lero sindigona!" anakuwa mtsikana uja, ndipo iye ndi mnzakeyo anafa nalo phwete.

Basi itayamba kuyenda Muriel anaimirira, n'kutsika masitepe akudzandira. Kondakitala anakuwa kuti adikire iime kaye, koma iye anali atalumpha kale.

Wilf anapsa nthawi ya nkhondo, m'chipinda cha injini cha sitima ya pamadzi. Pamenepo n'kuti atamutomera kale Muriel. Anatumiza mawu kuchokera kuchipatala kuti amuiwale, koma Muriel anapita, n'kukhala pambali pa bedi, n'kuiyang'ana nkhopeyo osaphethira. Anakwatirana chaka chotsatira. Chiyambire pamenepo iye anasanduka mpanda wozungulira mwamuna wake. Kusitolo ankapita yekha. Kutchalitchi ankakhala naye mpando wakumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Mwana akafunsa mumsewu kuti, "Amayi, bambo aja anatani?" diso limene Muriel ankaponyera mayi wa mwanayo linkakwanira. Wilf anali kalipentala kumalo ojambulira mafilimu, kumtunda kwa mtsinje, kumene ankakhoma makoma abodza a nyumba zachifumu ndi zitseko za ndege zopita kumwezi. Ankanyamuka panjinga kusanayere n'kubwera chisisira. Ntchitoyo anam'pezera ndi Cedric Loomes, mlongo wake wa Muriel wamng'ono, amene ankajambula zithunzi zoitanira anthu ku kanema mumzinda wa London.

Ataima pansi pa khoma la kanema lija, madzi omatira akudonthera pafupi ndi nsapato zake, Muriel anayang'ana pakona ya m'munsi, pamene ojambula amalemba mayina awo. Ankadziwa kale chimene akachipeze. C. Loomes.

Mkulu wa kanemayo, Bambo Ottaway, anali pakhomo, manja ali m'matumba, akuyang'ana m'mwamba mokhutira.

"Chotsani chithunzichi," anatero Muriel.

"Mwati bwanji, mayi?"

"Ndati muchichotse. Panopa."

"Aa, ndinu a kutchalitchi aja eti? Nkhani ya phewa la mtsikanayo tinakambirana kale ndi abusa."

"Uyo ndi mwamuna wanga."

Bambo Ottaway anaseka mpaka mimba inagwedezeka. "Mkazi wanganso ananena zomwezo atachiona!" Koma atayang'anitsitsa nkhope ya Muriel, kusekako kunawathera pakhosi. Anachotsa manja m'matumba. "Mayi, ine ndimangolandira n'kumata. Chithunzichi chili dziko lonse, mpaka ku Glasgow. Kuno filimuyo iyamba Lachinayi, koma ku London ikuonetsedwa kale."

Muriel sanapite kuntchito. Anakwera sitima ya ku London, ndipo Bambo Ottaway sananame ayi. Pa siteshoni iliyonse Wilf analipo, pakati pa chikwangwani cha sopo ndi cha mowa, akumuyang'ana ndi diso lachikasu lija. Pena mwana wina anali atamujambulira kale kaliwo kukamwa ndi choko.

Cedric ankagwira ntchito m'kachipinda ka pamwamba pa malo odyera a Mtaliyana, m'kamsewu kopanikizika ka ku Soho. M'munsi mwa masitepe munkanunkhira khofi, pamwamba utoto ndi fodya. Muriel sanagogode. M'chipindamo munali ngati m'maloto a munthu wodwala malungo aakulu: akangaude aakulu ngati mabasi akukwera nsanja ya wotchi, anthu a mitu yagalasi, akazi okuwa, akazi okomoka, akazi othawa nsapato imodzi itavuka. Cedric anali ataima pakati pa zonsezi, ndudu ili kukamwa, akupaka mano a chinthu china chovuuka m'nyanja.

"Achemwali! Ku London, Lolemba? Kapena kochapira kwapsa?"

Muriel anamuwomba mbama imene inagwetsa nduduyo.

"Unkadya pagome panga," anatero. "Lamulungu lililonse. Nyama yanga yootcha, mbatatesi zanga. Ndinkakuona ukumuyang'ana, ine n'kumati mlongo wanga ndi munthu, sapewa kuyang'ana mlamu wake kumaso. Kani unkamuba! Unkamuba chidutswachidutswa n'kumabwera naye kuno!"

Cedric anaponda nduduyo ndi nsapato, akusisita tsaya. "Ndiye kuti wachiona."

"Dziko lonse lachiona, chitsiru iwe! Ukuganiza kuti akachiona iyeyo zikhala bwanji? Munthu amene anakana ngakhale chithunzi cha tsiku la ukwati wake! Ukufuna ndikam'vuule mumtsinje?"

"Muriel, takhala pansi."

"Sindikhala."

"Chabwino, ima, koma mpando uwo uuone bwino. Wilf anakhala pamenepo. Loweruka ndi Loweruka mu Julaye, nthawi imene ankakuuza kuti kuntchito zachuluka. Ankabwera yekha pasitima, masanasana, n'kudzakhala apo, ine ndikumujambula."

"Bodza."

"Ndilibe chimene ndinaba ine. Ndipo si chithunzi chokha ayi." Cedric anaika bulashi pansi. "Mufilimumo ndi iyeyo. Chilombocho ndi Wilf. Sanamupake kanthu kumaso, kupatula ufa pang'ono kuti khungu lisanyezimire pa magetsi."

Muriel anapezeka atakhala pampando womwewo. Anakumbukira Loweruka lina lija mu Julaye, pamene anamulongedzera Wilf buledi ndi tchizi, akumumvera chisoni kuti akumugwiritsa ntchito ngati bulu.

"Mkulu wojambulitsa filimuyo anam'peza akudya kuseri kwa matabwa," anapitiriza Cedric. "Akuti anangoima chilili ngati watola golide. Ine ndinamuletsa mlamu, ukhulupirire usakhulupirire. Ndinamuuza kuti Muriel adzatisenda amoyo tonse awiri. Iye anati, ‘Ngati nkhopeyi ikukwera pakhoma, aijambule munthu amene amaidziwa.’ Mabwana ankafuna mano otuluka kunja ndi dovu. Ndinakana. Pa zobiriwirazo ndiye ndinagonja."

"Wagwira ntchito kwabasi, m'bale wanga. Akuveke mendulo."

"Muriel..."

"Ikuonetsedwa kuti?"

Cedric anam'tchulira dzina la msewu. Anatenga jekete kuti amuperekeze, koma diso limene mlongo wakeyo anamuponyera linam'bwezera pomwe anali.

Inali filimu ya masana, choncho anthu sanadzaze. Mtsikana wa tochi anamulozera mpando chapakati. Munali asilikali angapo a patchuthi ndi zibwenzi zawo, akalaliki ozemba ku ofesi, ndi nkhalamba zobwera kudzaotha kutentha kwa m'nyumbamo. Utsi wa fodya unkasambira m'kuwala kochokera kumbuyo.

Filimuyo inali yakuda ndi yoyera. Chinthu chinagwa kuchokera kumwamba n'kukatera m'dambo pafupi ndi mudzi wina. Munthu wodula bango anapita kukachiona, anachikhudza, ndipo sanabwererenso kwawo. Kenako nkhosa zinayamba kupezeka zitafa, zitauma gwa ngati chikumba. Akatswiri a sayansi ovala makhoti oyera anayankhula, n'kuyankhula, akusuta kaliwo. Chilombocho sankachionetsa. Ankaonetsa chithunzithunzi chake pakhoma, mapazi m'matope, dzanja likugwira chitseko. Dzanjalo Muriel analidziwa, la zala ziwiri zosapindika. Kayendedwe ka chithunzithunzicho anakadziwanso, kopendekera kumanja ngati munthu wonyamula bokosi la zipangizo.

Anawongoka pampando n'kudziuza kuti: m'nyumba yonse ino, munthu mmodzi yekha amene sangaope ndine. Ndabwera kudzaona mmene anthu awa achitire ndi mwamuna wanga, kuti ndikamuuze.

Mtsikana wa tsitsi lachikasu uja anali yekha m'nyumba. Anayatsa nyale. Kunja chinachake chinakanda khoma. Nyimbo inatsika mpaka kungotsala kachingwe kamodzi kolira mopyapyala, ndipo m'kanema monse munangoti zii, ngakhale otafuna maswiti analeka. Mtsikanayo anayenda kupita kuwindo, anagwira katani, anadikira, n'kuikoka.

Malipenga anaphulika. Nkhope inadzaza chinsalu chonse, itakanikizika pagalasi, kuwala kukuchokera pansi pa chibwano, diso losatsekeka lija lili tong'o.

Nyumba yonse inakuwa. Ndipo Muriel anakuwa nawo.

Mfuwuwo unatuluka wokha, kuchokera pansi pa mimba, asanadziwe n'komwe kuti ndi wake. Anazindikira manja ali kumaso, msana utakanikiza mpando, chikwama chitagwa pansi. Nkhope imene anaipsompsona m'mawa womwewo pakhomo. Nkhope imene kwa zaka zonsezi ankaipaka mafuta nyengo yozizira kuti isang'aluke. Anakhala choncho, kukamwa kuli yasa, osakhulupirira kuti wachita zimene atsikana a m'basi aja anachita.

Anthu anayamba kuseka, kuseka kwa anthu amene apulumuka. Msilikali amene anakhala pafupi anamutolera chikwama.

"Musaope, mayi," anatero mwaulemu. "N'zopanga izi. Munthu wotere kulibe."

Muriel analandira chikwamacho. Anafuna kutuluka, koma anakhalabe n'kuonera mpaka kumapeto. Asilikali a mufilimu anachithamangitsa chilombocho m'dambo monse mpaka chinakabisala m'shedi ya udzu. Anaithira mafuta n'kuiyatsa. Ndipo apo panali Wilf, pakati pa malawi, akupunthwa, akutchinga kumaso ndi mkono, denga loyaka likugwera kumbuyo kwake. Unali moto weniweni, Muriel anaona tsitsi lake likuuluzika ndi kutentha. Wilf amene kwawo sankakoleza yekha moto wa malasha. Wilf amene tsiku lowombera makombola mu Novembala ankadzitsekera kuchipinda n'kukweza wailesi. Anthu ena anawomba m'manja denga litagwa.

Muriel anafika kwawo dzuwa likulowa, nyali za mumsewu zikuyamba kuyaka. Njinga inali itatsamira pakhoma. M'khitchini Wilf anali atayala kale nsalu pagome, masoseji akuthetheka pachiwaya, tiyi ali m'thipoti. Sanatembenuke.

"Cedric waimba foni kuntchito," anatero. "Akuti dzanja lako likadali lamphamvu."

Muriel anaima pakhomo, khoti lili m'thupi. "Ndaionera."

Wilf anazimitsa chitofu, n'kutembenuka pang'onopang'ono. M'kuwala kwa babu la m'khitchini inali nkhope ya masiku onse, yotopa, utuchi uli m'tsitsi. "Yonse?"

"Yonse. Ndi moto womwe. Wilf, wapenga? Mutu wako ukuyenda bwino?"

"Ndinkafuna kukuuza."

"Liti? Lachinayi, anthu a mumsewu muno atakaonera kale? Ndachiona ndili m'basi, Wilf! Atsikana akukuwa, akuseka! Zaka zonsezi ine ndikulimbana ndi anthu kuti asakuyang'ane ngati chilombo, iwe n'kupita wekha kukawauza kuti bwerani, lipirani, dzaoneni chilombo!"

"Ukanandilola?"

"Ayi!"

"N'chifukwa chake."

Wilf anakoka mpando n'kukhala, manja ali pagome. Sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo ankawafunafuna ngati misomali m'thumba.

"Ukudziwa chimene anthu amayang'ana akamayankhula nane? Batani la malaya. Ili, lachiwiri. Abusa, adokotala, wa positi, onse. Ndikhoza kufa, batanili adzalikumbukira. Ndiye tsiku lina kubwera wojambulitsa filimu uja, wamwano, wosaleredwa, n'kundigwira chibwano chonchi, kunditembenuzira kuwindo, n'kunena kuti, ‘Mulungu wanga, taonani zimenezi!’ Ndikanayenera kumuthyola mphuno. Koma Muriel, anandiyang'ana. Kumaso. Ndipo tsiku lotsatira onse anandiyang'ana, wa kamera, wa magetsi, akukangana kuti mbali yabwino ndi iti. Pa nthawi ya tiyi mtsikana uja, wa tsitsi lachikasu, anandifunsa ngati zimapweteka. Palibe amene anandifunsapo zimenezo chichokereni kuchipatala."

"Ine ndimakuyang'ana."

"Iwe wekha. Ndipo ndi katundu wolemera kuti munthu mmodzi azisenza yekha. Ndimakuona mmene umaumira thupi tikamayenda mumsewu, ngati galu wolondera. Ndatopa kulonderedwa, mkazi wanga."

Mawuwo anamulasa Muriel kuposa chithunzi chija. Anavula khoti kuti apeze chochita ndi manja.

"Nanga moto?"

"Moto unali woopsa," anatero Wilf, akuyang'ana pagome. "Ndinasanza kuseri tisanayambe, ndinasanzanso titamaliza. Koma kumeneko, munthu akangokuwa kuti basi, amabwera ndi mapaipi n'kuuzima. Ndinaima pamenepo ndikuwaonerera akuuzima. Sindikudziwa mmene ndingakufotokozere. Ndinawapempha kuti tibwerezenso."

Muriel anakhala moyang'anizana naye. Anali atatsimikiza m'sitima kuti chimene chinachitika m'kanema muja adzapita nacho kumanda, koma analephera kuchisunga.

"Ndinakuwa," anatero. "Pamene unaonekera pawindo paja. Ndinakuwa ngati wina aliyense, n'kubisa nkhope. Ine, Wilf."

Anadikira. Wilf anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo Muriel anaona kuti zamufika pamtima, pakuti chikope chabwino chija chinaphethira kangapo. Kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo zinam'tengera Muriel kanthawi kuti azindikire kuti akuseka.

"Nanenso ndinakuwa," anatero. "Anationetsa ife antchito sabata yatha. Ndinkadziwa kuti zikubwera, ndinali pomwepo pojambula, windolo ndinakhoma ndine. Koma malipenga aja! Ndinadzuka pampando n'kutukwana pamaso pa bwana."

"Si zoseketsa."

"Ayi, si zoseketsa," anavomera, akupukuta diso limene nthawi zonse linkatuluka misozi. "Idya, masoseji azizira."

Muriel anadya pang'ono, mkwiyo ukadali pomwepo. Usiku umenewo anagona atamufulatira.

Lachinayi filimu inayamba m'tauni mwawo, ndipo pofika Loweruka panalibe amene sankadziwa. Zimene Muriel ankaopa zinachitikadi. Ana ankathamangira njinga ya Wilf akukuwa kuti, "Cham'dambo! Cham'dambo!" Wina analemba mawu omwewo ndi choko pachipata. Mayi wina wa kutchalitchi anauza Muriel kuti n'zamanyazi kuti munthu wovulala potumikira dziko azichita malonda ndi mabala ake. Kochapira zovala anzake ankasiya nkhani iye akangolowa. Koma zinachitikanso zimene sanaziyembekeze. Wilf anatembenuza njinga tsiku lina, n'kukweza manja, n'kubangula, ndipo anawo anabalalika akukuwa ndi chisangalalo, mawa lake n'kum'dikira pakona kuti abwerezenso. Amuna a ku bala ya pakona anatumiza uthenga kuti chilombo chibwere adzachigulire mowa, ndipo Wilf anapita, koyamba chithereni nkhondo. Anabwera akuimba. Muriel anamutsegulira chitseko osadziwa ngati alire kapena amumenye ndi tsache.

Cedric sanaponde pakhomopo mpaka Khirisimasi, pamene Wilf anakamutenga yekha kusiteshoni. Muriel anam'patsa mbale yake osamuyang'ana. Zinam'tengera nthawi ndithu kuti ayambenso kumufunsa ngati akufuna zowonjezera.

Kumayambiriro a chaka chotsatira, a mafilimu aja anamuitananso Wilf. Nthawi ino Wilf anamuuza mkazi wake tsiku lomwelo. Muriel anati sakufuna kumva, koma m'mawa wa tsiku loyamba anamusitira malaya abwino. Wilf anabwera masana, nthawi yoweruka isanakwane. Anaimika njinga, n'kukhala pa sitepe ya kuseri osavula nsapato.

"Chachitika n'chiyani? Wavulala?"

"Ayi. Andiveka chigoba cha labala. Cha maso atatu, ndi timapaipi totuluka m'khosi."

"Pamwamba pa nkhope yako?"

"Akuti nkhope yanga anthu aiona kale, aizolowera. Akuti chaka chino pakufunika choopsa kuposa pamenepo." Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunapite patali. "Ndawauza kuti chigobacho akhoza kuveka aliyense, ngakhale wophika tiyi. Mawa ndikubwerera ku matabwa."

Muriel anaima ndi nsalu yonyowa m'manja, ndipo anadabwa kumva mkwiyo ukukwera kuchokera kumapazi, wotentha kuposa wa tsiku la basi lija.

"Aizolowera? Ndani wanena zimenezo? Wamwano uja? Akuganiza kuti aipeza kuti ina yoposa imeneyi?"

"Muriel..."

"Pereka njingayo. Ndikufuna akandiuze ineyo pamaso."

"Sudziwa kupalasa njinga iwe."

"Ndiphunzira m'njira."

Wilf anagwira chiwongolero cha njingayo mwamphamvu, ndipo anakokanakokana pamenepo mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nayo anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati aitane apolisi.